Njinga zathu zakhala chete kuyambira Loweruka

Ndimakonza makina a masewera pamalo ena osangalalira ana ndi achinyamata muno mu Lilongwe. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu sabata yathayi ntchito inali yomwe ija anzanga mukuidziwa: kupukuta mafani omwe amadzaza fumbi msanga nyengo yotentha ino, kutulutsa matokeni opindika okakamira polowera, ndi kuwongola potentiometer (kachipangizo kozindikira mmene njinga yapendekera) ya njinga yamasewera yakumanzere imene inayamba kukokera mbali imodzi ngakhale wokwera atakhala chilili. Chimene chandilembetsa ndi za Loweruka masana.

Makina otibweretsera ndalama kuposa onse ndi njinga zamoto ziwiri zolumikizidwa ndi waya kuti anthu awiri azipikisana. Wosewera amakwera, napotokola chogwirira chakumanja kuti awonjezere liwiro, ndipo pokhota amapendeka thupi lonse, monga zinalili pa njinga yamasewera ya Hang-On imene Yu Suzuki wa kampani ya Sega anatulutsa mu 1985. Kunsi kwa mpando kuli sipika ya mabesi, choncho mpikisano ukayamba kulira kwa injini kumasakanikirana ndi magitala a nyimbo za rock mpaka mpando kumanjenjemera. Anyamata a kabaza a ku Kawale ndi ku Area 25, amene amakhala panjinga yeniyeni tsiku lonse, amabwera atanyamula zipewa zawo kudzalipira kuti amve phokoso limenelo.

Loweruka magetsi anazima anthu atadzaza, ndipo atabwerera anabwera mwamphamvu. Ndisanafike n'komwe pa swichi ndinamva fungo la chopserera. Nditatsegula chitseko chakumbuyo ndinapeza fyuzi itadukamo, makapasita atatupa pamwamba, ndi banga lakuda pa bolodi ya amplifier (yokweza mawu) ya njinga zonse ziwiri. Zithunzi zinkaoneka bwinobwino, masewera ankayamba, koma panalibe mawu ngakhale pang'ono. Makinawa anapangidwira magetsi a ku America a 120 volts ndipo ife timawapatsa athu a 230 kudzera m'thiransifoma, kotero kuyambira nyengo ya mvula ndakhala ndikulemba m'buku la ntchito kuti tigule stabilizer, chipangizo choletsa mphamvu ya magetsi kukwera kapena kutsika mwadzidzidzi. Yankho limakhala lakuti ndalama zakunja zikusowa, chikhalirecho chipangizocho chimagulitsidwa ndi makwacha m'masitolo a ku Area 2.

Bwana atafika sanafunse chimene chapsa. Anachotsa pepala limene ndinamata lodziwitsa anthu kuti makina awonongeka, natuma mnyamata kukatenga sipika ya Bluetooth ku ofesi kuti tiziseweretsa nyimbo za m'foni mwawo. Ndinati, "Bwana, chonde musatero, anthu akhala akulipira chinthu chimene sitikuwapatsa." Anayankha kuti nyimbo ndi nyimbo basi.

Mawu amenewa ndi amene andipweteka kwambiri, chifukwa nyimbo za m'masewera otere sizitoledwa pamsewu. Amene tinasewerako Road Rash pa makompyuta akale tikukumbukira magitala ake. Pomwe kampani ya Electronic Arts inatulutsa masewerawo pa makina a masewera a 3DO mu 1994, inachita pangano ndi kampani ya A&M Records kuti igwiritse ntchito nyimbo za magulu ngati Soundgarden. Mapangano otere amalipiridwa ndipo amatha ntchito: Crazy Taxi ya Sega inatchuka mu 1999 ndi nyimbo za The Offspring ndi Bad Religion, koma itatulutsidwanso mu 2010 pa Xbox 360 ndi PlayStation 3, nyimbozo munalibe, ndipo okonda masewerawo anadandaula kwambiri. Zimene zili m'makina athu zinabwera nawo pamodzi mwachilolezo cha eni ake, pamene za m'foni n'zokopera chabe, ndipo kuseweretsa nyimbo pamalo a malonda kuno kwathu kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, malinga ndi lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso. Kupatula za malamulo, sipika ya pashelefu singatsatire chogwirira cha wosewera, ndipo munthu amadziwa liwiro lake ndi khutu asanayang'ane manambala.

Sipanatenge nthawi. Kamnyamata kena kamene kanabwera ndi bambo ake kanapotokola chogwirira mpaka kumapeto, kakatembenuka n'kundifunsa kuti, "Ankolo, njinga yanga bwanji sikulira?" Bambowo anangondiyang'ana, popeza ine ndi amene ndinali nditagwira sikuludilaiva. Wa kabaza wina anatsika mpikisano uli pakati n'kupita kukalalatira mtsikana wogulitsa matokeni, yemwe alibe mphamvu yobweza ndalama popanda siginecha ya bwana, ndipo bwanayo nthawi imeneyo anali atachoka kale. Mtsikanayo anatukwanidwa mpaka madzulo chifukwa cha chipangizo chimene sichinagulidwe.

Lamulungu ndinatenga mabolodi onse awiri kupita nawo kunyumba. Makapasita ndasintha, koma IC (kachipu ka pabolodi) ya bolodi imodzi inapseratu ndipo nambala yake sindinaipeze m'tauni muno, choncho ndatuma mnzanga wina wokaoda katundu ku Johannesburg pa basi. Bolodi inayo ikugwira ntchito ndipo ili m'chikwama changa. Ndalembera bwana kalata, ndi kusunga kope lake, kuti sindiibwezeretsa m'makina mpaka stabilizer itagulidwa, chifukwa magetsi akangobwereranso mwamphamvu chimene chingapse tsopano ndi kompyuta ya m'kati, momwe muli masewerawo ndi nyimbo zake zonse.