Gitala yachiwiri ikhale ndi mawu amene mulibe

Ngati muli kale ndi gitala yamagetsi ya Stratocaster, musataye ndalama pa ina yolira chimodzimodzi. Mapikapu ake (tizipangizo totola mawu a nsambo) a single-coil, a koyilo imodzi, ali ndi mawu opyapyala, ndipo amang'ung'udza mukakweza gain (mphamvu ya mawu olowa mu ampulifaya). Gitala ya Les Paul ndiyo ingakupatseni zina: pikapu yake ya humbucker, ya makoyilo awiri, imathetsa phokosolo, mawu ake ndi okhuthala, ndipo scale (utali wa gawo la nsambo limene limanjenjemera) ya mainchesi 24.75, pomwe ya Stratocaster ndi 25.5, imafewetsa nsambo pozikankha. Kungoti ndi yolemera, makilogalamu 4 kapena kuposerapo, choncho oimba choimirira usiku wonse aganizire phewa.

Gitala ikakhala yogwiritsidwapo ntchito kale, yang'anani pa fret (kachitsulo kopingasa pakhosi la gitala) ya 12: mpata pansi pa nsambo yaikulu ukhale pafupifupi mamilimita 2. Khosi lopindika pang'ono limawongoka ndi truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosilo. Lopotoka lisiyeni, kulikonza n'kodula.