Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Usiku wa mu ngalande

Pepani kuti gawo lino lachedwa. Achemwali a ku Ndirande aja amene mumalemba "tapitirizani" pansi pa gawo lililonse, lerotu ndi lanu.

Tinalekezera poti ndasiya ntchito ya kufakitale ya nyama ku Worthington, tauni ya ku Minnesota, ku America. Zaka zitatu zotsatira ndilibe nazo nkhani: sukulu, laisensi ya CDL yoyendetsera malole akuluakulu, mwana wachiwiri. Kenako ndinapezeka ndili pa chiwongolero cha lole yokokolola sinowo, chikhasu kutsogolo, mchere wosungunulira madzi oundana mumsewu kumbuyo.

Kuno kummwera chakumadzulo kwa Minnesota chotivuta kwambiri ndi mphepo. Dziko ndi lathyathyathya, chimanga ndi soya zikakololedwa palibe chotchinga, ndiye mphepo imanyamula sinowo wogwa kale n'kumubwezera mumsewu. Ukukokolola kutsogolo, kumbuyo kwadzadzanso. Zikafika poipa umangoona zoyera, ngakhale nsonga ya chikhasu chako osaiona.

Chaka changa choyamba ndinagwera mu ngalande. Inali cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Sindinathamange, sindinasinze, msewu unangondisowa basi. Lole inapendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikugona, khofi yense pa miyendo. Ndinakhala momwemo maola awiri, injini ikulira, ndikumatuluka kukafukula paipi ya utsi kuti utsiwo usandiphere m'kati. Zala zinauma gwa. Ndinaimbira mayi a kunyumba, foni itangolira kamodzi ndinadula, poti ndikanawauza chiyani? Ndinaganiza za amayi ku Ntcheu, amene ankauza anzawo kuti mwana wawo ali pa ntchito yabwino ku America. Ndinalira, ndisakunamizeni.

M'mawa bwana wanga wa pa ntchitoyi, munthu wamfupi, anati pamaso pa anzanga: munthu wobadwira kotentha angadziwe chiyani za sinowo? Sindinamuyankhe. Ena mudzati ndinachita mantha. Ayi, ana awiri amadya.

Patapita zaka anatiikira m'malole ena makina otithandiza kutsata msewu ukasowa. Nzeru zake zinachokera ku University of Minnesota, ndipo ku Alaska anazigwiritsa ntchito pa msewu wa m'mapiri wa Thompson Pass, kufupi ndi tauni ya Valdez, kumene sinowo amagwa wokwana mamita oposa 12 pachaka. Msewu amayamba aujambuliratu pa mapu a mu kompyuta nyengo ili bwino. Ndiye GPS yake si ya pa foni ija imakusocheretsani ku Area 25, iyi imaphonya ndi masentimita ochepa chabe. Kasikirini kamakuonetsa pamene lole ili mumsewu, kaya wapatukira kumanja kaya kumanzere, ndipo rada imakuchenjeza ngati kutsogolo kuli chinthu.

Achimwene amene munalemba kuti "ndiye lole ikudziyendetsa yokha, inu mukungodya ndalama", imvani. Chiwongolero ndi changa, mabuleki ndi anga, chikhasu ndimatsitsa ndine. Makinawo amangondibwereka maso. Ndipo kuwakhulupirira si masewera. Thupi likukuuza kuti khotera kumanja, kasikirini kakuti pita chindunji. Mlungu woyamba ndinkakatsutsa ngati mlamu.

Chimphepo chija cha December 2022, Khirisimasi itatsala masiku ochepa, misewu yambiri kuno inatsekedwa. Ndikuyenda pang'onopang'ono, maso pa kasikirini, rada inalira. Ndinayang'ana pa galasi, zoyera zokhazokha. Mtima unati makina apenga awa. Phazi linaponda buleki lokha.

Nditatsika ndi tochi, masitepe khumi okha, ndinagunda galimoto yaing'ono itatitimira pakati pa msewu, magetsi atazima. M'kati munali mnyamata wausinkhu wa mwana wa achemwali anga, atadzikulunga ndi jekete, milomo ikunjenjemera. Ndinamukweza mu lole, n'kumupatsa khofi yemwe anatsala. Mpaka pamene apolisi anadzamutenga sanalankhule kanthu, ankangoyang'ana chikhasu.

Bwana uja anali atapuma kale ntchito nthawi imeneyo. Za mmene tinadzakumanirana mu sitolo, ndi zimene ndinamuuza, dikirani gawo 15.