Ndabwerako abale anga, zikomo

Ndafika dzulo madzulo kuchokera ku ulendo wanga wa pa njinga, wochoka ku Mchinji mpaka ku Livingstone m'dziko la Zambia. Njinga inakwera basi kuchoka ku Livingstone mpaka ku Chipata, koma kuyambira pamenepo ndinaipalasa ndekha kudutsa pa Mwami, chifukwa sindikanalola kulowa m'Mchinji nditanyamulidwa. Panopa ndikulemba nditagona chafufumimba. Kukhala pampando sikukutheka, amene munapalasapo mtunda wautali mukudziwa chifukwa chake. Tulo tikundikoka, koma mtima wakana kuti ndigone ndisanathokoze.

Ambuye Mulungu, mwandifikitsa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), mwandibwezanso wamoyo. Malole onse aja a pa Great East Road anandidutsa osandikhudza. Ulemu ukhale kwa Inu nokha.

Pa anthu ndiyambira kwa amalume anga a pa Kamwendo, ndipo wina asadandaule. Ambiri mumangowadziwa kuti ndi bambo aja okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, manja ali bii ndi girisi. Tsiku lomwe ndinawauza za ulendowu sanaseke. Anaiyang'ana njinga, anaizungulira, kenako anangofunsa kuti, "Katundu wako adzalemera bwanji, mphwanga?" Gudumu lakumbuyo analimasula lonse n'kulimanganso sipoko imodziimodzi, akulizungulitsa, akulimvetsera. Masipoko ena apadera anawamangirira pa felemu ndi malegeni. Anandikhazika pansi masana onse kundiphunzitsa kumata chubu, kupala kaye pomatapo, kudikira kuti guluu aume, osathamanga. Nditatulutsa ndalama anandikalipira.

Mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti tsiku limayenda bwanji kumeneko. Limayamba kusanache. Kupinda tenti ikadali yonyowa ndi mame, kuphika phala, kupopa matayala, kumanga katundu. Mu June kumazizira zedi m'mawa, zala zimachita kuuma pa mabuleki. Umapalasa mpaka dzuwa litafika paliwombo, n'kufuna mthunzi wa golosale kapena wa mtengo. Madzi ndi a pa mjigo, ndipo ukauona mjigo sudutsa ngakhale mabotolo akhale odzaza theka. Chakudya cha pamsewu ndi zitumbuwa, nthochi, mbatata yootcha, tsiku labwino nsima ya kapenta. Foni umatchajitsa pometera tsitsi. Dzuwa likapendeka nkhawa imakhala imodzi, pogona. Umapita kwa amfumu, kwa ahedi a sukulu kapena kutchalitchi, kupereka moni, kufotokoza komwe ukuchokera, kupempha pokhoma tenti. Kabudula umachapa usiku, n'kumuyanika pa keliyala kuti aume ukuyenda. Mawa lake chimodzimodzi.

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, kuchoka ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi enanso pafupifupi 480. Papepala zimaoneka zochepa.

Chigawo choyamba sindinamve kuti ndili kunja. Pa malire Mmalawi safuna viza, amangodinda pasipoti. Ku Katete ndi kwathu komwe, kufupi ndi ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi kumene amayi amapita ku Kulamba mwezi wa August. Ukangoti ndachokera ku Mchinji amafunsa mfunda wako, basi wapezeka mbale, madzi osamba atenthetsedwa. Ku Sinda, ku Petauke, ku Nyimba kwa Ansenga, konseko anandilandira. Ana okha ndi amene ankadabwa. Anazolowera kuona azungu ndi njinga zonyamula zikwama, ndiye ine ankandifunsa ngati ndikugulitsa kaunjika.

Zinavuta nditadutsa Nyimba. Mukudziwa kale, ena simunagone usiku umene uja. Msewu umalowa m'mapiri, kukwera, kutsika, kukweranso, midzi n'kutalikirana, ndipo pamene ukuyandikira chigwa cha Luangwa kumatentha ngakhale ili nyengo yozizira. Ndili pa chitunda china kupitirira Kacholola ndinamva "thwa", kenako "thwa" kachiwiri. Masipoko akumbuyo aduka, mbali ya tcheni, gudumu lapindika mpaka kumakhula mabuleki. Madzi atsala pang'ono, dzuwa likulowa, netiweki ikubwera n'kuthawa. Ndinakwera pa mwala kuti foni igwire.

Amalume anayankha kulira koyamba. Sanandifunse ngati ndikuopa. Anati, "Tsitsa katundu. Tembenuza njinga. Tandiuza, aduka angati, mbali iti?" Anandiuza kuti sipoko yodukayo ndiipotere pa inzake kuti isakole tcheni, ndimasule pang'ono a mbali inayo, ndilekerere buleki yakumbuyo, katundu wolemera ndimusamutsire kutsogolo, ndipo potsetsereka ndizitsika n'kumayenda pansi. Foni ikaduka ankaimbanso. Mayunitsi awo oimbira kunja anatha, anakabwereka foni ya mnyamata wa kabaza. Zimenezi ndamva lero kwa azakhali, iwo sanandiuze.

Sizinathere pomwepo. Masipoko a mbali ya tcheni salowa usanachotse filiwilo, ndipo chochotsera ndinalibe. Usiku womwewo amalume anaimbira mnzawo wokonza njinga ku Chipata, mnzawoyo anaimbira mlamu wake, mlamuyo anadziwa munthu pa msika wa pa Luangwa Bridge. Nditawoloka mlatho mawa lake, ndikukankha njinga pakati pa ogulitsa nsomba zouma ndi madengu, bambo wina anandikodola n'kunena kuti, "Ndinu a ku Malawi aja?" Misozi inangotsika yokha. Anakonza gudumu ndi masipoko omwe aja a pa felemu. Bambo inu, dzina lanu sindilemba pano, koma Mulungu akudziwani. Akazi anu anandiphikira nsima ya nsomba imene sindidzaiiwala.

Ndalama zitandithera ku Rufunsa, amalume omwewo anagulitsa mtedza wawo umene ankasungira kuti mitengo ikwere, anapita pa Mwami kukasintha, mnzawo uja n'kunditumizira pa foni. Mtedza umenewo ndibweza, amalume, ngakhale mukane.

Ndithokozenso mayi a kunyumba, amene anatsala ndi ana, nkhuku ndi mafunso a anthu. Pepani chifukwa cha mafoni a pakati pa usiku. Amayi a Mvano amene munkasonkhana kundipempherera, mapemphero anu ndinkawamva m'miyendo pa zitunda za Munali, pakati pa Kafue ndi Mazabuka. Achemwali a ku Lusaka, zikomo pondigoneka pa matiresi, pondichapira, komanso pondiperekeza m'mawa kuti ndituluke mumzinda maminibasi asanachuluke. Anyamata onyamula makala pa njinga cha ku Chongwe, amene tinapalasa limodzi mtunda ndithu, matumba atasanjikizana kupitirira mutu koma n'kumandisiyabe m'mbuyo, inu ndiye akatswiri. Abale a Chitonga ku Monze, ku Choma ndi ku Kalomo, chilankhulo sitinkamvana bwino koma simunandimane madzi ngakhale pogona. Aphunzitsi a pasukulu ina kufupi ndi Zimba munanditsegulira kalasi usiku wozizira koopsa, zikomo.

Palinso ena. Aja munkati ndikabwera pa lole ndisanafike n'komwe ku Katete. Aja munalonjeza pagulu kuti muthandiza, kenako foni zanu zinayamba kudwala. Ndakuonani lero m'mawa mukulemba kuti "mnyamata wathu". Palibe mlandu, moni ndikupatsanibe. Ndangoti mudziwe kuti ndinaona.

Za mathithi ndidzafotokoza ndikapuma. Ndinayamba kumva mkokomo wake ndisanawaone. Madzi a Zambezi amagwa kuphompho lakuya mamita oposa 100, m'lifupi mwake kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo nthunzi yake inandinyowetsa ngati ndavumbidwa ndi mvula ya mu January. Ndinaima moyang'anana ndi mlatho wachitsulo uja wa 1905 wopita ku Zimbabwe, ndinaimba vidiyo kunyumba. Onse ankakuwa, amayi akululutira. Foni itafika kwa amalume, anayang'ana madziwo pang'ono chabe, kenako anati, "Tandionetsa gudumu lakumbuyo."

Amalume, ine ndilibe mawu okwanira. Bambo atatisiya munatilera inu, ndipo ulendo uno mwaupalasa nane muli pansi pa mango wanuyo. Mulungu akupatseni masiku ambiri, maso anu asachite khungu, manja anu asanjenjemere.

Lamulungu likubwerali tikathokoza kutchalitchi, tikatuluka kudzakhala thobwa kunyumba kwa amayi. Bwerani nonse, ndi a foni zodwala omwe. Ndipo amene muli ndi njinga yovuta, kaya ya kabaza kaya yopitira kumunda, pitani nayo pa Kamwendo kwa amalume. Mukalipire pomwepo, chifukwa kabuku kawo ka ngongole ndakaona, kadzaza, ndipo mayina ena ndi a anthu amene mukuwerenga pano.