Loko, ulusi wa nsapato ndi msomali: mmene tinapezera 9.8 m'kalasi

Sukulu yathu ndi CDSS, ndipo chomwe timachitcha labotale ndi kabati imodzi mu ofesi ya aphunzitsi. Zaka zingapo ndinkangolemba pabolodi kuti g, liwiro limene chinthu chimawonjezera sekondi iliyonse chikamagwa, ndi 9.8, ana n'kukopera, n'kuloweza. Koma a MANEB pa MSCE amafuna mwana agwire chipangizo ndi manja ake, ndipo anga ankafika kumeneko manja ali njenjenje. Ndiye chaka chatha ndinati a Fomu 3 ayipeze okha nambalayo ndi pendulamu, cholemera chopachikidwa pa ulusi chimene chimayenda uku ndi uku.

Chimene chinandidyera nthawi ndi ulusi. Wosokera zovala unaduka nditangomangirira cholemera. Wolukira zipewa unkatamuka, mita imodzi n'kusanduka mita ndi kakuti. Wabwino ndinaupeza kwa bambo wosoka nsapato pamsika, wolimba uja wosatamuka. Cholemera ndinatenga loko wa pachitseko cha kalasi, ndipo magulu ena ndinawapatsa manati akuluakulu ochokera kwa makaniko. Tepi ya masentimita 150 ndinabwereka kwa telala. Popeza ana saloledwa mafoni, ndinapempha aphunzitsi anzanga anayi kuti andibwereke awo chifukwa cha wotchi, aliyense akundichenjeza kuti akathyoka ndigula.

Msomali ndinakhoma pamwamba pa felemu ya chitseko, ina pamtanda wa khonde. Apa ndinalakwitsa. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ndipo pakhonde natiyo inkazungulira m'malo moyenda mzere umodzi. Tinasamukira m'kati n'kutseka mawindo opanda magalasi ndi makatoni.

Poyeza utali, ana onse amafuna kulekeza pamfundo. Ayi. Mita imodzi iyambire pamsomali ikathere pakati penipeni pa cholemeracho. Pa loko tinaika kadontho ka choko pakati kuti pasakhale mkangano.

Ndisanalole aliyense kugwira wotchi ndinafunsa kuti pakati pa loko wolemera ndi nati yopepuka, chifulumire n'chiti. Kalasi yonse inati loko, kupatula mtsikana mmodzi amene anati nati, poti yopepuka siitopa. Tinazikoka pamodzi, utali wofanana, n'kuzisiya. Zinayendera limodzi ngati ng'ombe za pagoli. Mnyamata wina wakumbuyo anati, “Sala, mwachita matsenga,” ndipo anabwera kudzayesa yekha katatu konse. Sindinamuletse, ngakhale nthawi inkatha.

Ndinawauza kuti pendulamu ndi katungwe, koma ngakhale timati katungwe n'kukankhana, uyu sakankhidwa. Umangomukoka pang'ono, osapitirira masentimita 15 kuchoka pakati, n'kumusiya. Ukakoka kwambiri, masamu ake sagwiranso bwino, chifukwa fomula yathu imafuna kona yaing'ono, yosapyola madigiri 10. Ulendo umodzi ndi kupita n'kubwerera pamene anayambira. Sitiyeza umodzi wokha, pakuti chala chimachedwa kudina wotchi, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, ndipo pa ulendo wa masekondi awiri kuchedwa kotero n'kwakukulu. Timayeza maulendo 20, kenako n'kugawa ndi 20, kuchedwako n'kugawikanso.

Gulu loyamba linabweretsa masekondi 38. Kugawa ndi 20 kunapereka 1.9. Fomula imati g ndi 4π²L kugawa ndi T² (L ndi utali wa pendulamu, apa mita imodzi, T ndi nthawi ya ulendo umodzi), ndipo 4π² ndi pafupifupi 39.5. Anachulukitsa 1.9 ndi 1.9 n'kupeza 3.61, g n'kutuluka 10.9. Gulu lachiwiri chimodzimodzi. Ine thukuta linayamba, m'mwezi wozizira. Ndinayezanso ulusi, unali mita ndithu. Ndinayamba kukayikira foni ya mnzanga.

Ndinaona nditaima pafupi n'kumvetsera. Woŵerenga ankati “wani” nthawi imene akusiya loko, ulendo usanayambe n'komwe. Pofika pa 20, loko anali atayenda maulendo 19 okha. Vuto silinali la ana. Ineyo sindinawauze. Tinagwirizana kuti posiya tizinena “ziro”, ndipo “wani” abwere loko akabwerera. Tinapezanso kuti n'kwabwino kumusiya ayende kaye maulendo awiri atatu, kenako n'kuyamba kuŵerenga akudutsa pamzere wa choko umene tinalemba pansi, pakati, nthawi zonse akulowera mbali imodzimodzi.

Ulendo uno wotchi inaima pa 40.2. Kugawa ndi 20, 2.01. Kuchulukitsa yokha, 4.04. Mtsikana wa nati uja ndiye anali ndi kakyuleta, ndipo atadina anakhala kaye chete, kenako anati, “Sala, ikuti 9.78.” Magulu ena anapeza 9.6, 9.9 ndi 10.1. Ena anafuna kufufuta alembe 9.8 kuti zioneke zokhoza. Ndinakaniza. Wolemba zimene wayeza ndi chifukwa chake zapatuka amandisangalatsa kuposa wokopera bolodi. Ndipotu g siifanana padziko lonse: ku equator ili cha pa 9.78, kumapeto a dziko kozizira kuja imafika 9.83, ndipo ife tili kufupi ndi equator.

Mphindi zotsala tinafupikitsa ulusi kufika masentimita 25. Ambiri anati nthawi ichepa kanayi. Maulendo 20 anatenga pafupifupi masekondi 20, theka chabe. Pamenepo chizindikiro cha sikweya ruti chimene ankachiona ngati chokongoletsa fomula yomweyi ikalembedwa kuti T = 2π√(L/g) chinayamba kumveka. Ndinangowauza mwachidule kuti Galileo, wasayansi wa ku Italy, ankalemba kale za pendulamu mu 1602, ndipo mu 1656 Christiaan Huygens wa ku Holland anapangira wotchi mfundo yomweyi, yakuti utali ukakhala umodzimodzi nthawi siisintha. Zambiri sindinanene, belu linali litalira.

Tsiku lotsatira gulu lililonse linayeza pa masentimita 40, 60 ndi 80 n'kujambula galafu ya T² ndi L, mzere n'kutuluka wowongoka ndithu. Koma madzulo a tsiku loyambalo a mlonda anandipeza ndikutsika njinga kunyumba, ali wefuwefu, akufunsa kumene kwapita loko wa Fomu 3. Anali m'thumba mwanga, ulusi ukadali pomwepo.