Musanatsegule Figma, tengani pepala ndi pensulo

Ambiri amene akudziphunzitsa okha product design (luso lokonza mmene chinthu chizionekera ndi kugwirira ntchito), makamaka yokonza mapulogalamu a pafoni, amayambira kumchira. Amatha masabata akusankha mitundu ndi kukopera zokongola za pa Dribbble, webusaiti yomwe okonza maonekedwe amaonetserapo ntchito zawo, koma ukawafunsa kuti pulogalamuyo ikuthetsa vuto la ndani, kukamwa pululu.

Sankhani vuto limodzi laling'ono lomwe mungalione ndi maso. Tiyerekeze msungichuma wa banki mkhonde amene amalemba masheya ndi ngongole m'kope. Khalani naye pamsonkhano umodzi wathunthu. Onani pamene akufufuta, pamene akuwerengera kawiri, pamene mamembala akutsutsana za chiwongoladzanja. Musawafunse kuti angakonde pulogalamu yotani, adzangokuyankhani mwaulemu. Afunseni chomwe chinawavuta sabata yatha.

Kenako jambulani papepala timabokosi tofanana ndi foni, kalikonse sikirini imodzi: kusankha membala, kulemba ndalama, kutsimikiza. Tisapitirire tisanu. Ikani pepalalo pamaso pa munthu, mumpatse ntchito, monga kulemba kuti mayi wina wapereka K5,000, inu n'kukhala chete. Apa m'pamene ambiri amagwa. Munthu akangozengereza, iwo amathamangira kumulozera podina, ndiye vuto lija labisika. Chala chikaima m'malere, lembani pomwe chaimapo. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amakwanira kuulula mavuto ambiri, choncho yesani ndi asanu, konzani, muyesenso ndi asanu ena.

Tsopano mutha kutsegula Figma, pulogalamu yojambulira maonekedwe a mapulogalamu. Imagwira mu browser ndipo ili ndi gawo laulere. Penpot, yogwira ntchito yofananayo, nayo ndi yaulere. Tengani frame (bokosi loimira sikirini) ya mapikiselo 360 x 800, yoyandikira mafoni ambiri a Android. Mipata pakati pa zinthu izikhala mapikiselo 8, 16 kapena 24, osati yongoganizira. Zilembo za mawu owerenga zikhale 16. Batani lisachepere 48 m'litali ndi m'lifupi, monga Material Design, malangizo a Google okonzera mapulogalamu, imanenera, chifukwa chala chachikulu si mbewa ya kompyuta. Malangizo a WCAG, othandiza kuti aliyense, ngakhale wovutika kuona, athe kugwiritsa ntchito mawebusaiti, amafuna kuti zilembo zisiyane ndi mtundu wakumbuyo kwake ndi 4.5:1. Zilembo zotuwa pamalo oyera zimakongola pa laputopu m'nyumba, koma pansi pa mtengo masana, pafoni yosweka galasi, siziwerengeka n'komwe.

Phunzirani msanga Auto Layout ya mu Figma, yomwe imasanja zinthu yokha, imayatsidwa ndi Shift ndi A. Batani lomwe munalikonzera mawu a zilembo ziwiri limaphulika mukaikamo "Tsimikizani", lomwe lili ndi zilembo 11, koma Auto Layout imalitambasula yokha. Batani lililonse lobwerezedwa lisandutseni component (batani loyambira lomwe enawo amatengerako) kuti mukalisintha, onse asinthe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri m'ntchito za oyamba n'chakuti amajambula tsiku labwino lokha. Nanga netiweki ikathawa msungichuma atadina kale, akuona chiyani? Ngati sikirini ili zii, adzadinanso, ndipo ndalamazo zidzalembedwa kawiri. Jambulani sikirini yopanda kanthu ya tsiku loyamba, ya kudikira, ndi ya pamene munthu walemba 50000 m'malo mwa 5000, yokhala ndi njira yobwezera.

Pokonza portfolio, yomwe ndi zitsanzo za ntchito zanu, ikanimo chithunzi cha mapepala ofufutika aja, fotokozani pomwe anthu anakakamira ndi chomwe munasintha. Ntchito ziwiri zofotokozedwa chonchi zikwanira kuyamba nazo kufunsira ntchito.