Momwe ndinaikira Linux pa mainframe imene sindinaionepo ndi maso

Makina amene ndikukamba pano ali m'chipinda chozizira ku Johannesburg. Ine ndimawafikira pa VPN nditakhala pa desiki langa ku Longacres, kuno ku Lusaka. Kasitomala wathu ali ndi malo pa mainframe ya IBM Z, kompyuta yaikulu ya makampani akuluakulu, ndipo Lolemba m'mawa abwana anandiuza kuti pofika Lachisanu akufuna Red Hat Enterprise Linux itakhazikika, seva ya Java ikuyankha. Ndinavomera osaganiza kawiri. Ndatha zaka 7 ndikuika Linux pa maseva wamba, ndiye mumtima ndinati nsima ndi yomweyo, yangosintha mbale.

Anandipatsa dzina lolowera, pasiwedi ndi kapepala ka manambala, basi. Pobaya fulashi panalibe, BIOS panalibenso. Makina amenewa amagawidwa m'zigawo zotchedwa LPAR, ndipo m'chigawo chathu mumayenda z/VM, imene ntchito yake ndi kusunga alendo. Mlendo aliyense amadziona ngati ali ndi kompyuta yakeyake. Linux yanga inayenera kukhala mlendo mmodzi mwa ambiri, pa mapurosesa otchedwa IFL amene IBM inapangira Linux. Si zachilendo ayi, Linux yakhala ikuyenda pa makinawa kuyambira 1999. Wachilendo ndinali ine.

Khomo lake ndi pulogalamu ya x3270, sikirini yakuda ya malemba okhaokha. Phunziro loyamba linali kakona ka kumunsi kudzanja lamanja, kamene kamakuuza makina ali pati: RUNNING, VM READ, CP READ. Sikirini itadzaza panatuluka MORE..., ine n'kudina Enter monga mwa chizolowezi. Panabwera HOLDING, zonse n'kuima njii. Ndinakhala pamenepo ndikudzudzula intaneti ya mu ofesi.

Tili ndi achikulire ena mu ofesi mwathu, anyamata amawaitana ba mudala. Masiku ano amayang'anira mapulogalamu a malipiro, koma paunyamata wawo anagwirapo ntchito pa makompyuta aakulu a kumigodi ku Kitwe. Anaima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, makinawo sanafe. Wawauza wekha kuti agwire tsambalo mpaka umalize kuwerenga. Dina Clear."

Kuyambira pamenepo ndinawakokera mpando.

Gawo lotsatira ndi limene ndimalikonda kufotokozera anzanga, chifukwa sakhulupirira. Kuti installer iyambe, umafunika mafayilo atatu: kernel.img, generic.prm ndi initrd.img. Umawatengera pa disiki yako yaing'ono ya CMS, kadongosolo kamene umagwiriramo ntchito ukalowa pa z/VM, kudzera pa FTP, kenako umawaboola ngati makadi. Inde, makadi aja akale a timabowo. Mlendo aliyense pa z/VM ali ndi makina oboolera makadi ndi owerengera makadi ongoyerekeza, ndipo popeza khadi lenileni linali ndi mizati 80, fayilo iliyonse iyenera kudulidwa m'zidutswa za mabayiti 80 ndendende. Ine ndinakumbukira kuika FTP pa binary koma ndinaiwala lamulo la locsite fix 80, ndiye PUNCH, lamulo loboolera makadi, inakana kernel yanga. Nditakonza, ndinaboola motsatana, kernel poyamba, kenako fayilo ya parm (generic.prm ija), initrd pomaliza, n'kulemba ipl 00c, lamulo lodzutsa makina. Nambala 00c ndiyo adiresi ya chowerengera makadi chija. Red Hat imapereka kafayilo ka redhat.exec kochita zonsezi kamodzi, koma achikulire anaumirira kuti ulendo woyamba ndichite pamanja. Mauthenga a kernel atayamba kutsika pa sikirini, iwo anangoti, "Ife makadiwo tinkawanyamula m'makatoni."

Fayilo ya parm inandidyera Lachiwiri lonse. M'menemo ndi mmene umauza installer za netiweki, ndipo khadi la netiweki kuno silikhala ndi nambala imodzi. Limakhala ndi zitatu: yowerengera, yolembera ndi yodutsira deta. Zanga zinali 0.0.0600, 0.0.0601 ndi 0.0.0602, zonse pa mzere wa rd.znet pamodzi ndi layer2=1. Ndinalemba bwinobwino mu XEDIT, pulogalamu yolembera mafayilo pa CMS, koma iyo inasandutsa zonse kukhala zilembo zazikulu, pomwe Linux imasiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono. Mankhwala ake ndi set case mixed usanayambe kulemba. Nditathana nazo, ping inakanabe. Ndinafufuza IP, gateway, chilichonse, kufikira achikulire anandifunsa ngati mlendo wanga analoledwa kulumikizidwa ku VSWITCH, switch yongoyerekeza imene z/VM imalumikizira alendo ku netiweki. Sindinadziwe n'komwe kuti chilolezocho chimapemphedwa. Ndinatumiza uthenga kwa woyang'anira z/VM, iye n'kulemba mzere umodzi wa grant, ping n'kuyankha.

Netiweki ikangodzuka, umalowa ndi ssh ngati install, ndipo Anaconda, installer ya Red Hat, imene ukuiona ndi yomwe ija ya masiku onse. Apa ndinapumako. Kusiyana kunabweranso pa madisiki okha. Anandipatsa ma DASD, madisiki a mainframe, a mtundu wa 3390 model 9, iliyonse ya masilinda 10,017, imene ukaikonza ndi dasdfmt imakupatsa pafupifupi 7 GB. Disiki imodzi sungaigawe kupitirira magawo atatu, choncho LVM, yophatikiza madisiki kukhala malo amodzi, ndi yosathawika ngati ukufuna malo otakasuka. GRUB yodzutsira Linux kulibe, m'malo mwake kuli zipl, ndipo ukasintha zouza kernel uonetsetse kuti zipl yayendanso, apo ayi makina adzuka ndi zakale.

Lachitatu madzulo Linux inali itadzuka yokha kuchokera pa disiki. Ndinali wokondwa, komanso ndinkathamangira minibasi ya ku Chelstone mzere wa magalimoto pa Great East Road usanakule. Ndinalemba #cp logoff, n'kutseka laputopu.

M'mawa ssh sinayankhe. Ndinatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira kwa mu July. Achikulire anafunsa funso limodzi: "Dzulo unatuluka bwanji?" Nditawauza anagwira pakamwa. Pa z/VM, dzina lolowera lija ndiye kompyutayo. LOGOFF ili ngati kuzula pulagi pakhoma makina ali mkati mogwira ntchito. Ukafuna kuchoka Linux n'kumayendabe, umalemba #cp disc. Mwayi wanga unali woti munalibe deta ya munthu, ndipo XFS, dongosolo losungira mafayilo pa disiki, inadzikonza yokha podzuka. Ndinalemba DISC pa kapepala n'kumata pa laputopu, kakadalipo mpaka lero.

Tsiku lomwelo ndinadzikolanso ndekha. Ndinawonjezera disiki ya /opt, kuichotsa pa mndandanda wa zida zobisidwa ndi cio_ignore -r, kuidzutsa ndi chccwdev -e, kuilemba mu fstab, mndandanda wa madisiki amene Linux imafuna podzuka. Zonse zinayenda. Nditayesa reboot, makina anakakamira mu emergency mode, chifukwa chccwdev imadzutsa disiki kwa nthawi yokhayo. Imene imakumbukira ndi chzdev -e. Tsono mu emergency mode mulibe ssh, wabwerera ku x3270, kumene vi sigwira ntchito popeza sikiriniyo imatumiza mzere wathunthu ukadina Enter, osati chilembo chimodzichimodzi. Ngakhale Ctrl-C umachita kuilemba, ^c. Ndinatseka mzere wa mu fstab ndi sed, manja akunjenjemera, ndikuwerenga lamulolo katatu ndisanalitumize. Amene mukukonzekera ntchito imeneyi, phunzirani sed ndi ed mukadali pamtendere.

Seva ya mapulogalamu tinasankha Open Liberty. Ndinakopera Java kuchokera pa seva yathu ina ya mu ofesi, ndipo yankho linali Exec format error. Manyazi. Ukalemba uname -m pano umaona s390x, osati x86_64, ndiye chilichonse chomangidwira Intel sichiyenda, kuphatikizapo ma image a Docker. Ndinatsitsa Java ya IBM Semeru ya s390x, zinthu n'kulongosoka. Mafayilo a WAR, momwe muli mapulogalamu a Java a kasitomala, anayenda osasintha kanthu, kupatula kalaibulale kamodzi ka C kamene kanamangidwa poganiza kuti mabayiti amasanjidwa ngati pa Intel. Mainframe ndi big-endian, imayamba ndi bayiti yaikulu. Kameneko ndinakabweza kwa amene anakalemba. Zotsalazo zinali za masiku onse: mu server.xml kuika host="*" chifukwa Liberty imangomvera localhost ukapanda kuiuza, kutsegula 9080 ndi 9443 pa firewalld, kulemba unit ya systemd.

Pa memory ndi pamene ndinakangana ndi woyang'anira z/VM, ndipo ndivomere kuti iye ndiye ankanena zoona. Ndinapempha 32 GB monga ndimachitira pa maseva wamba. Anandipatsa 4 GB. Linux ikaona memory yongokhala imaidzaza ndi cache, ndipo z/VM sidziwa kuti zimenezo ndi zosafunika kwenikweni, imangoona mlendo akugwiritsa ntchito zonse, n'kuyamba kusamutsira masamba a alendo ena ku disiki. Zili ngati mlendo wa pamaliro amene wadzaza mbale kuti asunge za mawa, anzake ali pamzere. Njira yake ndi kupatsa mlendo zomukwanira, n'kumuikira swap pa VDISK, imene ili mu memory ya z/VM yomwe, kotero ndi yachangu. Swap ikayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri, pamenepo ndiye upemphe zowonjezera. Ndinaika -Xmx2g mu jvm.options, ndipo ndinaphunzira kumayang'ana st mu top, imene imaonetsa nthawi yomwe purosesa inali kwa alendo ena ine ndikuifuna.

Lachisanu cha m'ma 3 koloko ndinalemba curl ku 9443, tsamba la kasitomala n'kubwera. Ndikuitana abwana kuti adzaone, magetsi anathima, VPN n'kuduka jenereta isanalire. Itabwerera ndinapeza Liberty ikuyendabe, sinamve kalikonse. Abwana anagwedeza mutu, n'kunena kuti sabata yamawa akufuna alendo ena awiri ofanana ndi ameneyu, wina woyesera, wina wosungira. Achikulire akuti sitiboolanso makadi, tikopera disiki yonse ndi DDR, pulogalamu ya z/VM yokopera madisiki, n'kusintha IP, dzina ndi makiyi a ssh. Andiuza ndifike 7 koloko Lolemba, ndipo mandasi ndigule ine.