Kafukufuku amene makampani sakanalipira

Mwana wa mchemwali wanga amawengedwa ndi mtedza, ndipo si kuwengedwa kwa tizidzolo chabe ayi. Tsiku lina atangolawa pang'ono, milomo inatupa, mpweya unayamba kumuvuta, mpaka anachita kumubaya jakisoni wa adrenaline kuti apulumuke. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za vutoli, ndipo chimene chinandidabwitsa kwambiri si mankhwala, koma anthu amene amalipira kafukufuku wake.

Ku America kunali mabungwe awiri akuluakulu oyankhulira mabanja a anthu owengedwa ndi zakudya. Loyamba, Food Allergy & Anaphylaxis Network, linayambitsidwa mu 1991 ndi Anne Muñoz-Furlong, mayi amene mwana wake anali ndi vutoli, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa makolo, masukulu ndi ophika m'malesitilanti. Lachiwiri, Food Allergy Initiative, linabadwa mu 1998 ndipo linkalimbikira kusonkhanitsa ndalama za kafukufuku. Mu 2012 awiriwa anaphatikizana n'kukhala bungwe limodzi lotchedwa FARE (Food Allergy Research & Education). Poyamba ndinkaganiza kuti kuphatikizana kotere ndi nkhani ya m'maofesi chabe, koma ndinasintha maganizo nditamvetsa kuti kafukufuku wodalirika amafuna ana mazanamazana amene aziyang'aniridwa kwa zaka zingapo, ndipo ndalama za bungwe laling'ono zimatha ntchito isanafike pakati.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa LEAP, amene anatsogoleredwa ndi Gideon Lack wa ku King's College London. Mu 2000, madokotala a ana ku America ankalangiza kuti mwana amene ali pachiopsezo asadye mtedza mpaka atakwanitsa zaka zitatu. Lack ndi anzake anaona kuti ana achiyuda okulira ku Britain ankawengedwa ndi mtedza mowirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi anzawo a ku Israel, kumene makanda amadya kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba akadali aang'ono kwambiri. Pofuna kuyesa ganizo limeneli, anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, omwe anali kale ndi vuto lalikulu la khungu loyabwa kapena ankawengedwa ndi mazira. Ena ankapatsidwa zakudya za mtedza kawirikawiri, ena ankazipewa. Pofika zaka zisanu, pa ana 100 aliwonse opewa mtedza, pafupifupi 17 anali atayamba kuwengedwa nawo, pamene mwa odya mtedza anali pafupifupi atatu okha. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015, ndipo pofika 2017 malangizo a ku America anali atasinthiratu. Ndalama zambiri zinachokera ku boma la America kudzera ku NIAID, nthambi yake yofufuza za matenda opatsirana ndi a kuwengedwa, koma FARE inali m'gulu la amene anathandizapo. Apa ndichenjeze kuti kafukufukuyu akunena za kuteteza khanda lisanayambe kuwengedwa; mwana amene amawengedwa kale sayesedwa kunyumba, ndipo mtedza wathunthu ungathe kutsamwitsa khanda.

Tsono funso langa ndi lakuti, ndi kampani iti ya mankhwala imene ikanathira ndalama pa kafukufuku amene yankho lake ndi lakuti mwana adye mtedza? Mtedza ulibe mwini, ndipo palibe amene angaulembetse kuti azigulitsa yekha. Apa m'pamene ndimaonera phindu lenileni la mabungwe a makolo, chifukwa iwo amatha kulipira mafunso amene yankho lake silibweretsa phindu kwa makampani a mankhwala. Ku Britain zikuonekanso chimodzimodzi. Makolo a Natasha Ednan-Laperouse, mtsikana wa zaka 15 amene anamwalira mu 2016 atadya buledi wokhala ndi chitowe chimene sichinalembedwe pa pepala lokutira, anamenyera lamulo lokakamiza kulemba zonse zimene zili m'chakudya chokutidwa pamalo ogulitsira, ndipo linayamba kugwira ntchito mu October 2021. Bungwe limene makolowa anayambitsa likulipiranso kafukufuku wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Southampton, woyesa ngati zakudya wamba za m'sitolo, zoperekedwa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala, zingazolowetse thupi m'malo mwa mankhwala odula.

Mankhwalawo alipo ndithu. Palforzia, mankhwala a owengedwa ndi mtedza, anavomerezedwa ku America mu 2020, ndipo Xolair anavomerezedwa kuthandiza owengedwa ndi zakudya mu 2024, ngakhale kuti onsewa sachiza, amangochepetsa ngozi munthu akadya mwangozi.

Chimene sichindisangalatsa pa kuphatikizana kwa mabungwe awiri a ku America aja ndi chakuti ndalama zikasonkhana pamalo amodzi, osankha mafunso ofufuzidwa amakhalanso ochepa, ndipo mtedza watenga gawo lalikulu chifukwa ndi umene ukuopedwa kwambiri m'mayiko amene ndalamazo zikuchokera. Owengedwa ndi nsomba, tirigu kapena chitowe amadikira nthawi yaitali. Ku America chitowe chinalowa m'gulu la zakudya zoyenera kulembedwa pa paketi mu January 2023, pamene zina zisanu ndi zitatu zinalowa m'lamulo la 2004. Mchemwali wanga ali ndi pakati tsopano, ndipo wandiuza kuti funso loyamba limene akufuna kukafunsa dokotala mwanayo akabadwa ndi la mwezi umene angayambe kumulawitsa mtedza.